Matabwa Amene Sitinagule Lachinayi

1

Ukwati wa makolo anga unatsala pang'ono kutha chifukwa cha makabudula amkati. Musaseke, abale anga, ine panthawiyo sindinkaseka ayi. Ndinali ndi zaka 19, ndipo theka la mlanduwo linali langa.

Kwathu amanditchula Kamisomali, chifukwa ndili wamng'ono ndinkatola misomali yogwa m'shopu n'kumaisunga m'matumba, amayi n'kumalasidwa zala pochapa. Bambo anga ndi kalipentala. Anthu amawatchula a Levulo poti levulo yawo, kachida koonera ngati chinthu chawongoka, sichoka m'thumba la ovolosi. Ngakhale apite kukacheza kwa eni, maso awo amangokhala pa mashelefu, kuona ngati anawakhoma mowongoka. Amayi ndiwo amalankhula ndi makasitomala, chifukwa bambo akangotsegula pakamwa kasitomala amabwerera ndi ndalama zake. Shopu ili kutsogolo, nyumba kumbuyo, pakati pali kabwalo ndi chingwe choyanikapo zovala. Chingwe chimenecho muchikumbukire.

Vuto langa linayamba ndi njinga. Tsiku lina ndinamangirira matabwa ochuluka pakaliyala, ndikutsika kamtunda mabuleki anakana, ine n'kukadzigunda pa chitsulo chapakati chija, malo amene mwamuna aliyense akangomva amatsinzina. Ndinadzuka, n'kusasa fumbi, anthu akuseka, inenso ndikuseka kuti misozi isaoneke. Patapita miyezi ndinazindikira kuti chiwalo changa chachimuna chayamba kukhota. Mkati mwake munali kachinthu kolimba, ndipo nthawi zina chinkapweteka kwambiri.

Ndanena, basi. Ine zinanditengera pafupifupi chaka kuti mawu amenewa atuluke pakamwa panga, inu mwawawerenga osatuluka n'thukuta lomwe.

Ndinkaopa, osati masewera. Ndinafufuza pafoni, foni n'kundipatsa matenda onse a padziko lapansi. Ndinadziweruza ndekha kuti ndi khansa, kuti sindidzakwatira, kuti dzina la bambo lathera pa ine. Nanga ndikanauza ndani? Amayi? Mayo ine! Bambo? Munthu amene thabwa likangopindika pang'ono amaliponya pakona n'kunena kuti, "La nkhuni ili." Ndinangoti pakamwa tseke, mpira n'kusiya, anzanga n'kumawazemba.

2

Ululu utandikwana ndinapita ku kachipatala kakang'ono kutali ndi kwathu. Kumeneko ananditumiza kuchipatala chachikulu, kwa katswiri wa matenda a abambo, amene amaona anthu Lachinayi lokha. Ena amawaona m'mawa, ena masana. Ine ndinasankha m'mawa kwambiri, nthawi imene anthu ondidziwa amakhala akusaka masilipasi.

Lachinayi ndi tsikunso limene ife timagula matabwa. Choncho ndinasamba, n'kuvala bwino, n'kuuza amayi kuti, "Ndatsogola kumatabwa, bambo andipeza konko."

Ndinkadziwa kuti bodzali lifa madzulo omwewo, koma ndinati za madzulo tiziona madzulo.

Kuchipatalako kuli khonde lalitali ndi benchi yaitali, ndipo pabenchipo pali malamulo ake osalembedwa. Palibe wopatsa mnzake moni. Aliyense amayang'ana nsapato zake. Ukangoyang'anizana ndi munthu mwangozi, iye amafulumira kunena kuti, "Ine ndangoperekeza mnzanga." Benchi yonse inali ya operekeza okhaokha, odwala sindikudziwa kuti ankakhala kuti. Pafupi ndi ine panakhala madala ena a ndodo, a ndevu zoyera, amene anandiyang'ana n'kunena kuti, "Mnzanga walowa kale." Ine ndinati, "Wanganso."

Adokotala anali bambo wamfupi, wa magalasi okhala kunsonga kwa mphuno. Ndinayamba kufotokoza za njinga, mabuleki ake, mtundu wa matabwa, mpaka za nyengo ya tsikulo.

"Mnyamata," anatero, "njingayo ichira. Tiye tikambe za iwe."

Atandiyeza anandiuza kuti pamene ndinavulala paja panapanga chipsera cholimba mkati, ndipo chipseracho n'chimene chikukoka mbali imodzi. "Si khansa, si tsoka, ndiponso si iwe woyamba, ngakhale lero lomwe. Tikupatsa mankhwala a ululu, tikujambula, kenako tiziona ngati kwasiya kuwonjezereka. Kukafunika opaleshoni tidzakambirana. Kunyumba akudziwa ndani?"

"Palibe."

"N'chifukwa chake waonda. Tsiku lodzamva zotsatira ubwere ndi munthu. Sikuti ndiwe mwana, koma nkhawa yokhayi ikudwalitsa kuposa chipseracho."

Ndinavomera ndi mutu, mumtima ndikuti munthu ameneyo akamupeze okha.

Madzulo tili patebulo, amayi anafunsa. "Nanga matabwa aja ali kuti?"

Ndinatsegula pakamwa kuti ndife bwinobwino, koma bambo anandipitirira.

"Anali aawisi," anatero osadzutsa mutu.

Ndinatsamwa ndi madzi. "Eee, aawisi kwambiri," ndinatero. "Mpaka kudontha."

Amayi atalowa kukhitchini ndinamva nkhani yonse kuchokera m'madandaulo awo. Ine nditachoka m'mawa, iwo anauza bambo kuti mwana wanu watsogola kumatabwa, ndipo bambo anangoti, "Eya, ndinamutuma ndine." Dzuwa litakwera bambowo anasamba, n'kuvala malaya a kutchalitchi, n'kunyamuka. Kupita kuti? Kumatabwa sanapiteko, poti matabwa aawisi amenewo anawapeka pamaso panga.

Bambo anandiyang'ana, n'kunditsinzinira diso limodzi. "Ukukula, Kamisomali," ananong'ona. "Koma uzisamala."

Ha! Akuganiza kuti ndapeza chibwenzi. Ndipo ine pomwepo ndinaganiza chimodzimodzi za iwo, kungoti ine sindinawatsinzinire diso. Zinandiwawa. Bambo anga enieni, imvi zili mbuu, kukhala ndi mkazi wamseri!

3

Kuyambira pamenepo tinakhala pa mgwirizano umene sitinakambirane. Lachinayi lililonse ine ndinkanyamuka m'mawa, tsiku lina kukajambulidwa, tsiku lina kukatengedwa magazi, tsiku lina kungobwezedwa kuti makina afa. Bambo ankanyamuka masana. Madzulo tinkakumana pakona ya msewu wathu n'kulowa limodzi ngati anthu otopa ndi ntchito imodzi.

"Matabwa?"

"Ofumbwa."

Sabata yotsatira: "Matabwa?"

"Akwera mtengo, mayi a Kamisomali. Anthu aja alibe chisoni."

Sabata inayo tinalakwitsa. Bambo anati anali opindika, ine nthawi yomweyo ndikuti anatha tisanafike. Amayi anatiyang'ana mmodzimmodzi, n'kupitiriza kudya mwakachetechete. Amene amawadziwa amayi anga akudziwa kuti akakhala chete ndiye kuti kwaipa.

Loweruka m'mawa anatiitana pakabwalo paja. Anaima pafupi ndi chingwe, manja ali m'chiuno. Pachingwepo panali makabudula amkati atsopano, owala, akupepeluka ndi mphepo ngati mbendera. Ena anali anga, ena a bambo. Mundimvetse, abale: munthu ukadziwa kuti ukavula pamaso pa dokotala, sungapite ndi kabudula wobooka. Ine ndinagula anga pa chifukwa chimenecho. Za bambo sindinkadziwa.

"Bambo a Kamisomali," anayamba amayi, mawu ali ozizira, "chikwatiraneni, munagulapo kabudula wamkati ndi dzanja lanu?"

"Ndimafuna kukupeputsani ntchito."

"Kundipeputsa! Inu amene mumavala mpaka lamba yekha kutsala, ine n'kumachita kukubisirani kuti ndikataye? Mwamuna akagula yekha zamkati osauzidwa, alipo amene akukamuonetsa. Ndipo taonani izi." Anatulutsa levulo m'thumba la epuloni. "Lachinayi lililonse mukuisiya pawindo. Munthu amene munapita nayo ku ukwati wathu womwe! Matabwa ake ati amene mukukasankha opanda levulo?"

Bambo anayang'ana kumwamba ngati kukubwera mvula.

"Ndipo mwamuphunzitsa kale mwanayu. Mwamugulira nayenso kuti atseke pakamwa, eti? Chabwino. Lachinayi likubwerali, mundibweretsere chilungamo. Apo ayi, ine ndikupita kwa achemwali anga, muzidyetsana utuchi."

Sanali kuseka. Tsiku lomwelo sutikesi yaikulu inatsika pamwamba pa kabati, n'kukhala pakati pa balaza, kukamwa kuli yasa. Tsiku lililonse amayi ankaponyamo chinthu chimodzi, lero nsalu, mawa nsapato, mkuja chithunzi changa cha ku sukulu ya mkaka. Tinkachita kuilambalala popita kukhitchini.

Lachitatu amayi anandipeza ndekha ndikupala mwendo wa tebulo. Anakhala pa mpando, n'kundiyang'ana. Maso awo anali ofiira, ndipo apo m'pamene nthabwala zinandithera.

"Mwana wanga, ine sindikufuna dzina lake. Ungondiuza chimodzi. Lachinayi umakhala ndi bambo ako?"

Taonani msampha wake. Ndikati eya, ndanamiza amayi akulira. Ndikati ayi, ndawapachika bambo, ndipo funso lotsatira likhala lakuti nanga iwe umakhala kuti. Ndinakanikiza puleni mpaka mwendo wa tebulo unatsala ngati ndodo ya tsache.

"Timakhala kumatabwa, amayi."

Anadzuka n'kukalowa m'nyumba. Ndinamva zipi ya sutikesi ikutsekedwa, ndipo ndinadzida ndekha.

4

Lachinayi limenelo linali lomva zotsatira, tsiku lija adokotala anati ndibwere ndi munthu. Ndinapita ndekha, ndili ndi mantha awiri, a chipatala ndi a sutikesi.

Titakhala pabenchi, nesi anatulukira n'kulengeza kuti adokotala aitanidwa ku opaleshoni yadzidzidzi, tidikire. Tinadikira. Dzuwa linakwera, njala inaluma, madala a ndodo aja anagona n'kudzuka n'kugonanso. Kenako anthu a masana anayamba kufika n'kutipeza a m'mawa tikadali pomwepo. Benchi inadzaza, tinachita kufinyana.

Ndikuyang'ana nsapato zanga monga mwa lamulo, ndinaona nsapato zina zitaima patsogolo panga. Zakuda, zopolishidwa, koma m'mphepete mwa soli muli utuchi. Nsapato zimenezo ndinkazipolisha ndine.

Ndinakweza maso. Malaya a kutchalitchi, chipewa chokokera kumaso, m'thumba la malaya mukusuzumira kabotolo ka chivindikiro chofiira.

"Kamisomali?"

"Bambo?"

"Ine ndangoperekeza mnzanga," anatero msangamsanga.

"Inenso."

Madala a ndodo anatsegula diso limodzi. "Tsono pa awirinu, akuperekeza mnzake ndi uti?"

Bambo anadzipanikiza pakati pa ine ndi madalawo. Mapewa athu anagundana. Ine mutu unkazungulira. Mkazi wamseri uja ndiye kabotolo aka?

"Mkodzo," ananong'ona bambo patapita nthawi, akuyang'ana khoma. "Ukuvuta kutuluka. Zija usiku ndimati ndikukaona ngati shopu yakiyidwa, sindipita kushopu, ndimakhala ndili kuchimbudzi. Agogo ako zinayamba choncho, patangotha miyezi ingapo tinawaika m'manda. Ndimati ndiyambe ndamva zotsatira, amayi ako asafe ndi nkhawa ine ndisanafe." Anandicheukira. "Tsono iwe? Mtsikana uja amagwira ntchito kuno?"

"Kulibe mtsikana, bambo."

Ndinawauza. Ndinanong'ona, ndikuyang'ana utuchi wa pa nsapato zawo, ndikudikira kuti nkhope yawo ichite zimene imachita akaona thabwa la pakona lija. Sinatero. Anangovula chipewa n'kuchiika pabondo.

"Njinga ija? Tsiku lija ndinakusenzetsa matabwa ambiri ndine. Ndiye chaka chonsechi wakhala nazo wekha, ine ndili pompo ndikukutsinzinira diso ngati chitsiru?"

Ndisanayankhe, kumapeto kwa khonde kunamveka mawu amene ndingawazindikire ngakhale ndili m'tulo.

"Ali kuti? Ndikuti ali kuti mkazi ameneyo?"

Amayi! Anawatsatira bambo kuchokera kunyumba, basi yomweyo, mpando wakumbuyo. Ankabwera chothamanga, chikwama chili kukhwapa, levulo ili m'manja ngati chibonga. Abambo onse pabenchi anabweza miyendo. Atafika anaima, akupuma mwawefuwefu, n'kuyang'ana uku ndi uku. Mkazi panalibe ngakhale mmodzi. Panali amuna okhaokha, mitu ili pansi ngati ana ogwidwa akuba shuga. Anayang'ana chikwangwani cha pachitseko, anayang'ana kabotolo ka m'thumba la bambo, ndipo levulo ija inatsika pang'onopang'ono.

Bambo anaimirira n'kuwauza zonse, pamaso pa benchi yonse, za mkodzo, za agogo, za mantha awo. Pomaliza anaika dzanja paphewa panga n'kulifinya. "Mnyamatayu alibe mlandu. Wakhala akungondiperekeza. Ndinamuletsa ndine kunena."

Khomo lothawira linali limenelo, lotsegula bwinobwino, bambo atandigwirira chitseko. Ndikanangokhala chete, chinsinsi changa chikanapita nane kunyumba chili chonse. Koma ndinawayang'ana amayi, amene dzulo lake ndinawanamiza akulira, ndipo ndinatopa. Ndinatopa ndi matabwa aawisi.

"Ayi, amayi," ndinatero, mawu n'kutuluka okwera kuposa mmene ndinkafunira. "Sindinaperekeze munthu. Nanenso ndine wodwala."

Sindikukhulupirira kuti benchi imeneyo inamvapo mawu amenewo chiikhomereni. Kenako madala a ndodo anayamba kuseka, kuseka mpaka kutsokomola.

"Inenso, mwana wanga," anatero akupukuta misozi. "Mnzanga amene ndimaperekezayo kulibe. Sanabadwe n'komwe."

Wina kumapeto anati, "Wanganso kulibe." Benchi yonse inaphulika, abambo akuluakulu akugwirana mapewa, mpaka nesi anatuluka kudzatiletsa phokoso.

Amayi okha sanaseke. Anandikokera pambali, ndinawanong'oneza, ndipo anandimenya kambama kapaphewa, kenako n'kundikumbatira mpaka nthiti kulira. "Chitsiru cha mwana! Ndinakubereka ndine, matewera ako ndinachapa ndine, lero ukandibisire thupi lako? Ndi inu, bambo a Kamisomali, mukanakonda ndikusiyeni poganiza kuti ndinu wachimasomaso, kusiyana n'kundiuza kuti mukudwala? Amuna inu mitu yanu munadzaza utuchi!"

5

Adokotala atabwera anadabwa kuona anthu atatu akulowa pamodzi. Anandiyang'ana pamwamba pa magalasi. "Ndinati munthu mmodzi, iwe wabweretsa msonkhano."

Za bambo zinapezeka kuti si khansa. Kachiwalo kena kapansi pa chikhodzodzo kanangotupa n'kumapanikiza njira ya mkodzo, ndipo anawapatsa mapiritsi. Atamva choncho anakhala pansi n'kugwira dzanja la amayi, chinthu chimene ndinali ndisanachionepo. Zanga anati tidikirebe kuti chipsera chikhazikike. Tinadikira miyezi yambiri, kenako anandichita opaleshoni.

M'mawa wa tsiku la opaleshoniyo ndinawafunsa bambo, mwanthabwala koma mtima uli m'mwamba, kuti nanga zikapanda kuwongokeratu? Anatulutsa levulo m'thumba, anaiyang'ana, n'kuipereka kwa amayi kuti aisunge m'chikwama.

"Iyi ndi ya matabwa," anatero. "Iwe ndiwe mwana wanga. Lowa, tikudikira pompano."

Ndinalowa ndikulira, ndipo sindichita nazo manyazi. Lero ndili bwino, ululu unatha, mpira ndinayambiranso. Sutikesi inabwerera pamwamba pa kabati, koma amayi sanatikhululukire zaulere. Anatilamula kuti Lachinayi lotsatira tikagule matabwa enieni, iwo ali pambuyo pathu, ndipo anasankha okha. Anali aawisi. Bambo anawaona, anatsegula pakamwa, n'kutsekanso.

Tsono inu amene mukuwerenga, makamaka anyamata anzanga ndi abambo athu. Ndikudziwa kuti alipo wina amene wawerenga nkhaniyi ataphimba tsamba ndi dzanja, chifukwa nayenso ali ndi kanthu kake kamene sanauzepo munthu. Ine ndinavutika chaka chathunthu ndi manyazi, pamene munthu amene akanandimvetsa ankadya nane patebulo limodzi, nayenso akufa ndi mantha ake. Tinatsala pang'ono kuwataya amayi chifukwa aliyense ankafuna kuoneka wolimba. Pitani kuchipatala msanga, ndipo mutengane ndi munthu amene amakukondani. Mukafika pabenchi ija, wina akakuyang'anani, mupatseni moni, ndipo musamuuze kuti mwangoperekeza mnzanu. Nayenso mnzakeyo alibe.